Chipinda chapansicho chiyezeni kaye madzi ndi pothawira moto

Achemwali, mwafunsa ngati n'kwanzeru kukonza chipinda chapansi pa nyumba yanu mumzinda wa Leeds ku England n'kuchiika pa Airbnb, tsamba la pa intaneti lopezerapo alendo olipira malo ogona, kuti chizithandizako kubweza ngongole ya nyumba. Ganizolo ndi labwino ndithu, koma chonde musathamangire kugula bedi, makatani ndi penti. Zimenezo ndi zomalizira.

Nyumba zogundizana za ku Leeds zija zambiri ndi za nthawi ya Mfumukazi Victoria, ndipo zipinda zapansizo anazimangira kusungiramo malasha ndi kuchapiramo zovala. Za munthu kugonamo sanaziganizire. Makoma ake ndi otsamira dothi, ndiye chinyezi chimangolowa. Tengani pulasitiki, muimate pakhoma ndi tepi mbali zonse, muisiye masiku angapo. Mukamatula n'kupeza kunsi kwake kwanyowa, dziwani kuti madzi akuchokera m'khoma momwemo. Penti sangathetse zimenezo, amangotupa n'kumasupuka, nkhungu n'kubwerera. Inu fungolo mwina munalizolowera, koma mlendo amalimva atangotsegula chitseko, ndipo akakalemba pa intaneti kuti mukununkha nkhungu, ena sabweranso.

Pothana ndi chinyezichi, amisiri amakuta makoma ndi pansi ndi pulasitiki yolimba yokhala ndi timabampu, madzi n'kumatsikira kuseri kwake kulowa m'kangalande, n'kukathera m'dzenje momwe muli pampu yowapopera kunja. Ntchitoyi imadya mapaundi masauzande ambiri. Pampuyo ikhalenso ndi batire, chifukwa magetsi akathima usiku wamvula, mlendo wanu adzadzukira m'madzi.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi moto. Moto ukabuka kukhitchini pamwamba, wogona pansiyo atulukira kuti? Malamulo a zomangamanga ku England amafuna kuti chipinda chapansi chogonamo chikhale ndi chitseko kapena zenera lothawirapo, apo ayi masitepe otetezedwa ku moto ofika pakhomo lotulukira. Zeneralo potseguka pake pasachepe 0.33 sikweya mita, ndipo m'litali ndi m'lifupi pasachepe mamilimita 450. Kabowo kamene ankatsitsirapo malasha kaja sikakwana. Amene amabwera kudzaona ndi kuvomereza ndi a Building Control a kukhonsolo, ndipo pepala lawo mudzalifunanso tsiku logulitsa nyumba. Kuyambira Okutobala 2023, wolandira alendo olipira ayenera kulemba papepala kafukufuku wake wa ngozi za moto. Ikaninso ma alamu a utsi ndi a mpweya wakupha uja wa carbon monoxide, ndipo zagasi aziziyeza chaka chilichonse mmisiri wolembetsedwa ku Gas Safe, kaundula wa amisiri ovomerezeka a gasi. Apa musachite zachidule, achemwali, ndi moyo wa mwana wa eni ake.

Auzeninso amene anakukongozani ndalama ya nyumba, chifukwa ngongole zambiri sizilola alendo olipira popanda chilolezo chawo. Chimodzimodzi a inshuwalansi: mukawabisira, tsiku la ngozi akhoza kukana kulipira.

Za msonkho pali pokola anthu. Pali dongosolo la Rent a Room lokulolani kupeza mpaka £7,500 pachaka osadulidwa msonkho, koma limagwira ntchito ngati chipindacho chili gawo la nyumba imene mukukhalamo. Mukachipatula n'kukhala ndi khomo lake, khitchini yake ndi bafa lake, mwayi umenewo mwautaya, komanso chikhoza kumabwerera bilu yakeyake ya council tax, msonkho wa nyumba wopita kukhonsolo. Zobisa nazonso zinatha, popeza kuyambira Januwale 2024 makampani onga Airbnb amalemba kuchuluka kwa ndalama zimene mwapeza n'kukadziwitsa a HMRC, bungwe lotolera msonkho. Abale amene muli ku London, inu muli ndi malire a usiku 90 pachaka wolandira alendo olipirawa pokhapokha khonsolo itakulolani, ndipo ku Scotland pamafunika laisensi.

Maganizo anga ndi akuti mukakonza bwino, muyambe ndi munthu wochita lendi miyezi ingapo. Leeds ili ndi mayunivesite komanso zipatala zazikulu monga St James's ndi Leeds General Infirmary, kotero ophunzira ndi anamwino ofuna pogona sasowa. Ndalama yake pa usiku ndi yochepa, inde, koma imabwera mwezi ndi mwezi. Alendo a masiku awiriawiri amafuna kuchapa zofunda, kukolopa, kuyankha mameseji pakati pa usiku, kuperekanso makiyi. Ngati mumagwira mashifiti a maola 12, ndani azichita zonsezo? Mukalemba wokonza m'nyumba, n'kuchotsaponso gawo la Airbnb ndi mabilu otenthetsera chipinda chozizira chija m'nyengo yachisanu, phindu limatsala lochepa. Ubwino wa Airbnb umene sindingautsutse ndi woti mayi akamabwera kuchokera kumudzi mumangotseka masikuwo pakalendala, pomwe walendi simungangomuchotsa mwadzidzidzi chifukwa kwabwera achibale.

Sabata ino imbirani a Building Control, muitanenso wodziwa za chinyezi amene sagulitsa yekha ntchito yokonzayo kuti adzaone makomawo. Mitengo akakupatsani, muigawe ndi ndalama imene mukuyembekeza kupeza pamwezi, muone kuti ibwerera pakatha zaka zingati.