Achimwene, si inu mwakalamba, nyambo ndiyo yachuluka

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena omwe amawerenga zolemba zangazi, ndipo ndakhala ndikuzengereza kuyankha chifukwa inandigunda pachilonda. Mwachidule akuti masamba a pa intaneti a nkhani za makomiki aku America omwe ankawakonda kale masiku ano angodzadza mitu yokopa anthu, ukadina mulibe kanthu, ndiye kodi ndi iwo akalamba kapena zinthu zaonongekadi? Kenako kumapeto, ngati zongodutsa, akuti pali tsamba lina lakunja likufuna olemba ndipo akuganiza zofunsirako, ine ndikuona bwanji.

Achimwene ndakuonani, funso lanu lenileni ndi lachiwirilo. Koma mundipirire kaye.

Ine makomiki ndinawadziwira pa saka. Kunali bambo wina ku Limbe ankayala mabuku akale m'mbali mwa msewu, mabuku a sukulu, manovelo opanda chikuto, ndiye pansi penipeni umatha kupeza komiki imodzi kapena ziwiri zothimbirira. Vuto lake simkapeza zotsatana ayi. Lero wapeza nambala 12, patha miyezi itatu wapeza nambala 40 ya nkhani ina, ndiye umangowerenga pakati pa nkhani, poyambira sukupadziwa pothera sudzapaona. Munthu wasiyidwa akugwa kuchokera pa nyumba yosanja ndipo iwe uzingoyenda naye m'mutu chaka chonse osadziwa ngati anafika pansi. Ndiye ma internet cafe atabwera ine ndinkalipira theka la ola, osati kukacheza ndi atsikana ngati anzanga, koma kukafufuza kuti munthu uja anathera kuti. Mmenemo ndi momwe ndinapezera masamba a Comic Book Resources (CBR) ndi Newsarama, ndipo ndinadabwa kuona kuti kuseri kwa zithunzi zija kuli anthu, wolemba wake, wojambula ndi pensulo wake, wina wodutsitsa inki, wina wamitundu, wina wongolemba zilembo m'timabaluni tija. Ankawafunsa mafunso aatali, munthu nkufotokoza chifukwa chake tsamba lakuti la komiki analigawa m'mabokosi 9 osati 6. Ndinkasindikiza zimenezo pa printer ya pa cafe, ndalama ya chiwaya yathera pamenepo, nkukawerengera kunyumba.

Ndiye ayi, simunakalambe. Zinthu zinasinthadi ndipo zili ndi zaka zake. CBR anaiyambitsa Jonah Weiland m'zaka za m'ma 1990, munthu wokonda makomiki, ndipo inapatako mphoto za Eisner, zomwe ndi mphoto zazikulu za makomiki ku America. Mu 2016 anaigulitsa kwa Valnet, kampani ya ku Montreal ku Canada, yomwenso ili ndi Screen Rant ndi Collider, ndipo mu 2025 inagulanso Polygon. ComicsAlliance, yomwe ine ndinkaikonda chifukwa inali ndi nthabwala komanso mano, eni ake, kampani ya AOL, anaitseka mu 2013, kampani ya Townsquare Media nkuidzutsa, kenako mu 2017 nkuigonekanso. Newsarama inagwera m'manja mwa kampani ya Future ndipo mu 2020 inangolowetsedwa mkati mwa GamesRadar, tsamba la magemu, ndipo ma linki akale ambiri anafa, zokambirana za zaka ndi zaka ndi ojambula zinangosowa ngati sizinalembedwepo. Za pa pepala musanene, magazini ya Wizard inasiya kusindikizidwa mu 2011, Comics Buyer's Guide mu 2013. Tom Spurgeon wa The Comics Reporter, yemwe ankalemba pafupifupi tsiku lililonse, anamwalira mu 2019 ndipo mpando wake palibe anaukhala bwinobwino.

Pano nditha kuima apa nkumaloza chala azungu a makampani, inu nkuomba m'manja. Koma ndili ndi mlandu wanga.

Kuli chaka china ndinali pa ulova, lendi ikundithamangitsa, ndiye ndinapeza ganyu yolembera tsamba lina lakunja la nkhani za makomiki ndi mafilimu. Dzina sinditchula, ndipo musavutike kulota, si limodzi mwa amene ndatchula pamwambawa. Tsiku loyamba ndinali ndi chimwemwe chosaneneka, ndinauza mayi anga kuti ndayamba utolankhani wa kunja. Ndinkaganiza kuti ndizilemba ngati anthu aja ndinkawawerenga pa cafe. Aaa! Mmene zimakhalira ndi izi: mutu umaupeza uli kale pa spreadsheet, iwe umangosankha. Mutu umabadwa nkhani isanabadwe. "Nthawi 10 zomwe wakuti anamenya wakuti." "Zinthu 15 zomwe simunkadziwa za uje." Kapena mutu wa funso, kodi wakuti wafa? Ndiye pali malamulo ake, mawu omwe anthu amasaka pa Google awoneke m'ndime yoyamba komanso m'timitu ting'onoting'ono, yankho la funso lisabwere msanga, uyambe wafotokoza kuti munthuyu ndi ndani, anayamba liti, filimu yake inatuluka liti, zinthu zoti aliyense wadina linkiyo akuzidziwa kale, chifukwa ndime iliyonse yomwe owerenga akutsetsereka nayo pansi pali advert ikumudikira. Ndipo malipiro ndi pa nkhani, osati pa mwezi, ndalama yake yoti ukafuna kuti lendi ikwane uyenera kulavula nkhani zingapo pa tsiku. Munthu wolemba chomwecho awerenga nthawi yanji?

Ine ndinalembapo mndandanda wonse wa munthu wina wa m'makomiki yemwe sindinawerengepo komiki yake ngakhale imodzi. Ndinangotsegula wiki, kutsegula nkhani zitatu za masamba ena omwenso anatapa pa wiki yomweyo, kusakaniza ngati thobwa, kutumiza. Inadutsa. Anthu anadina. Mkati mwake ndinalakwitsa dzina la wojambula, ntchito ya munthu wina ndinapatsa munthu wina, ndipo mkonzi sanaone chifukwa iyenso anali ndi mulu wa nkhani zoti adutsemo lisanalowe dzuwa. Anaona ndi owerenga mmodzi yekha, analemba mwaulemu kuti mwalakwitsa apa. Ndinauza mkonzi, iye anangochotsa dzinalo osaikapo lolondola, akuti silofunika kwenikweni. Usiku umenewo tulo sindinatione bwino. Mwana uja ankasala chiwaya kuti adziwe mayina a ojambula ndi yemweyu akufufuta mayinawo lero?

Ndinayesa kamodzi kupempha kuti ndilembe za wojambula wina, mmene amagwiritsira ntchito malo opanda kanthu pa tsamba. Mkonzi uja, mayi wabwino ndithu, wotopa ngati ine ndemwe, anandiyankha kuti nkhaniyo angaikonde kuiwerenga koma palibe amasaka zimenezo pa Google. Basi. Ndipo sananame.

Apa ndi pomwe ndinamvetsa kuti tsamba lotere kasitomala wake si inu achimwene. Kasitomala ndi wotsatsa malonda, inu ndi nsomba, mutu ndi nyambo. Anthu ogula makomiki Lachitatu lililonse ku America ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi omwe amaonera mafilimu a Marvel, ndipo chiyambire 2008 pomwe mafilimu amenewa anayamba kugwira moto, aliyense wowerengera ndalama anaona kuti nkhani ya komiki yatsopano ya wojambula wosadziwika iwerengedwa ndi anthu ochepa pomwe mphekesera yoti wosewera wakuti mwina abwereranso iwerengedwa ndi chinamtindi. Ndiye tsamba lili ndi mawu oti komiki pa dzina koma ukalitsegula ndi mafilimu, ma anime, magemu, ndi zomwe wina wanena pa podcast zosandutsidwa nkhani zinayi. Facebook itasintha mu 2018 nkuyamba kuchepetsa nkhani za masamba pa zomwe anthu amaona, onse anathamangira kwa Google. Pano Google nayo kuyambira 2024 ikumayankha yokha pamwamba ndi AI munthu osadinanso linki, ndiye dziwe likuphwa, asodzi achuluka, nyambo ikungonka ikulirakulira.

Koma mitu yonama ine siindipweteka kwambiri, ndinazolowera, ngakhale masamba a nkhani za mpira ndi ndale amachita zomwezo. Chomwe chimandiwawa, ndipo apa sindinyengerera, ndi choti amalemba za Batman ngati ndi neba wathu amene wangodzuka nkupanga chiganizo. "Batman wachita chinthu chodabwitsa." Iyayi, Batman sanachite kalikonse, pali munthu anakhala pa desiki mpaka msana kuwawa kuti ajambule zimenezo. Ndipo bizinesi imeneyi mbiri yake yonse ndi yofufuta mayina. Jerry Siegel ndi Joe Shuster, omwe anapanga Superman, anamugulitsa pa madola 130 mu 1938. Bill Finger, yemwe anathandiza kwambiri kupanga Batman, anamwalira mu 1974 ndipo dzina lake kampani ya DC, eni Batman, inayamba kuliika pa makomikiwo mu 2015. M'zaka za m'ma 1980 wojambula Jack Kirby akulimbana ndi kampani ya Marvel kuti imubwezere zojambula zake zoyambirira, magazini ya The Comics Journal ya Gary Groth inachita phokoso, kusonkhanitsa ojambula anzake kuti amuikire kumbuyo, mpaka mu 1987 anamubwezera zina mwa izo. Utolankhani ndi umenewo. Tsamba lomwe limadalira kuti Marvel ndi DC azilipatsa zithunzi za komiki ya mwezi wamawa lisanaone wina aliyense lingachite zimenezo? Lingalume dzanja lomwe likulipatsa ndiwo? Ndinganene mosaopa kuti zambiri zomwe timazitcha nkhani za makomiki ndi zotsatsa za makampani zongosinthidwa mawu awiri atatu.

Ndipo makampaniwo nawo si oyera. Mu July 2018 nkhani ya ukwati wa Batman ndi Catwoman, yomwe anthu anaidikira miyezi, mathero ake anatuluka mu New York Times masiku angapo komikiyo isanafike m'mashopu. Eni mashopu anali ataoda kale milu, ena atakonza timaphwando. Nanga ngati nyuzipepala yaikulu chomwecho ikuulula mathero, kamnyamata ka pa spreadsheet mukadzudzule chani? Kupha munthu wotchuka nkumuukitsa patatha miyezi anayamba kale, Superman anafa mu 1992 nkudzukanso chaka chotsatira. Nyambo inayambira kwa ophika.

Chondiseketsa, kapena chondikwiyitsa kaya, nkhani zenizeni zilipo zambiri. Diamond, kampani yomwe kwa zaka zoposa 20 inali pafupifupi yokhayo yogawa makomiki m'mashopu aku America, DC inaisiya mu 2020, Marvel nkupita kwa Penguin Random House mu 2021, ndipo mu January 2025 inakalembetsa ku khoti kuti ngongole zaikulira. Makampani ang'onoang'ono katundu wawo ndi ndalama zawo zinatsekeredwa mmenemo. Imeneyo ndi nkhani yokhudza ngati komiki yomwe mumaikonda idzatulukenso, koma kuti muilembe muyenera kuwerenga mapepala a ku khoti ndi kuimbira anthu foni, ntchito ya masiku, pomwe mndandanda wa ndani angagonjetse ndani umatha mu ola limodzi ndipo anthu amatukwanirana pa iwo mpaka mawa.

Tisanamizane, ifenso tili momo. Ndi kangati mwatumiza linki pa gulu la WhatsApp ndi mawu oti taonani zopusa izi? Kompyuta yowerengera sidziwa kuti munadina mokwiya, imangowerenga kuti mwadina, ndipo mwabweretsanso anzanu 20. Timafuna zaulere, walira mvula walira matope. Ndipo kwa ife kuno si zaulerenso ayi, tsamba limodzi lotere ndi mavidiyo ake ongoziyambira okha limadya bandulo ngati chiswe, foni nkutentha, iwe usanafike ndi pa yankho pomwe.

Ndiye muwerenge kuti?

Tsatirani mayina a anthu osati mayina a masamba. The Beat ya Heidi MacDonald ilipo kuyambira 2004. The Comics Journal ilipobe pa intaneti, yolimba pang'ono kuwerenga ndipo nthawi zina yodzimva, koma imakulemekezani. David Harper ali ndi SKTCHD, yolipira, komanso podcast yake Off Panel. Za malonda ndi manambala pitani ku ICv2 ndi Comichron ya John Jackson Miller. Nkhani zakale zomwe zinasowa muziyesa pa Wayback Machine, tsamba losunga masamba akale a pa intaneti, zina zimapezeka. Ndipo ngakhale m'masamba akuluakulu aja muli olemba abwino okwiririka, Brian Cronin walemba za mbiri ya makomiki ku CBR kwa zaka zambiri, kungoti umafunika kufukula.

Za kulipira ndikudziwa, kupeza madola kuno ndi nkhani ina, khadi la ku banki limatha kukana pa chinthu cha ndalama yochepa, ndiye sindikuweruzani. Ine ndemwe ndimalipira amodzi okha ndipo miyezi ina ndimadumpha.

Tsopano za ganyu ija. Ngati lendi ikukuvutani, funsirani, ine sindingakuuzeni kuti mugone ndi njala chifukwa cha ulemu wa makomiki aku America. Koma mufunse musanayambe kuti amalipira zingati pa nkhani, amalipira liti, kudzera njira yanji yoti ifike kuno, ndipo ngati gawo la malipiro likudalira kuchuluka kwa odina mudziwiretu kuti gawo limenelo musaliwerengere. Muwerengetse maola ndi bandulo. Chilichonse mwalemba musunge kope yanu. Ndipo dzina la wojambula muziliika, ngakhale alichotse.

Ine ndinakhalako miyezi isanu ndi iwiri. Tsiku lina ndinafufuza mndandanda wanga uja ndipo ulipobe, anangousintha deti kuti uzioneka watsopano nkuwonjezerapo zinthu zisanu, pansi pa dzina langa pali dzina la munthu wina yemwe sindikumudziwa. Dzina la wojambula uja mpaka lero mulibe. Mapepala aja ndinkasindikiza pa cafe ali kwa mayi m'katoni, pansi pa bedi, mbewa zinadyako ngodya imodzi.