Zithunzi zikuyenda, mawu palibe: yankho kwa achimwene a ku Tsangano

Kalata yanu ya pa imelo ndinaiwerenga Lachiwiri usiku ndili pakhonde, ndipo mpaka lero ikundizungulirabe m'mutu. Mwati kuonera anime, makatuni a ku Japan aja, kwaulere pa Crunchyroll kunatha, mukuganiza zoyamba kulipira mwezi ndi mwezi, koma nkhani zina mukazitsegula simupezamo malejenda, mawu omasulira olembedwa pansi pa chithunzi, a Chipwitikizi, moti mng'ono wanu amene mumaonera naye amangoyang'ana zithunzi osatolapo kanthu. Mukufunsa ngati ndalama yanu ipite kumeneko kapena ayi. Ndiyankha, achimwene. Koma chimene chinandigwira pamtima ndi mng'ono wanuyo, chifukwa mwana wokhala chete pamaso pa mawu osawamva ndinakhalapo ine.

Ndinabadwira kutsidya, m'dera la Dedza, makolo anga atathawa nkhondo ya ku Mozambique ngati anthu ambiri a kuno ku Angónia. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera pang'onopang'ono, ndipo ife tinalowera pa Calómuè mu 1994, amayi atasenza mtolo wa mapoto, ine ndikukoka mbuzi. Sukulu ndinali nditayamba kale ku Malawi, kumene aphunzitsi ankalankhula nafe Chichewa. Kuno ndinapeza zonse zili m'Chipwitikizi, kuyambira moni wa m'mawa mpaka masamu. Chaka chathunthu ndinkangoona pakamwa pa aphunzitsi pakuyenda. Anzanga akaseka, inenso ndinkaseka kuti ndisaonekere. Akakweza manja, ine ndinkayang'ana pansi. Ndinadzamva nditakula kuti zaka zomwezo, kuyambira 1993 mpaka 1997, boma linkayesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja m'masukulu ochepa a m'chigawo chino cha Tete, ndi m'Chichangana ku Gaza. Sukulu yathu sinali m'gulumo.

Chimene chinandiombola ndi kanyumba ka vidiyo kufupi ndi msika wa ku Ulongwe. Mabenchi a matabwa, chiguduli pakhomo kuti dzuwa lisalowe, jenereta ikulira kuseri. Matepi ambiri anali a karate, ndipo pansi pa chithunzi pankadutsa timawu tachikasu ta Chipwitikizi. Amalume anga, amene anakhalako ku Beira ali mnyamata, ankakhala pa benchi yakutsogolo n'kumamasulira mokweza kuti nyumba yonse imve. Ine ndinkakhala pamapazi pawo. Maso pa timawu tija, makutu kwa amalume. Patapita miyezi ndinayamba kulumikiza ndekha: kachinthu aka kolembedwa "cuidado" kamabwera amalume akamati "chenjera", aka kakuti "irmão" kamabwera akamati "m'bale wanga". Tsiku lina ndinawatsogolera, ndinanena mawuwo iwo asananene. Anatembenuka kundiyang'ana, sanayankhule kanthu, koma pobwerera kunyumba anandigulira chimanga chootcha. Chipwitikizi changa chowerenga chinayambira pamenepo, pa benchi ija.

Amalume sankangotembenuza mawu ayi. Mnyamata wa mufilimu akamalankhula ndi mphunzitsi wake, iwo ankaika "inu". Akamalankhula ndi mnzake ankaika "iwe". Pa malejenda panalibe kusiyana kumeneko nthawi zambiri, koma iwo ankaona mmene munthu waweramira, n'kudziwa mawu oyenera. Izi ndinadzazimvetsa bwino nditayamba kuonera anime, chifukwa Chijapani chili ngati chathu pa nkhani ya ulemu. Iwo amaika "san" kumapeto kwa dzina monga ife timaika "a" kutsogolo. Ali ndi "kun" ndi "chan" za anzawo ndi ana, "sensei" wa mphunzitsi, "senpai" wa amene anakutsogolera pasukulu kapena pantchito. Amasiyanitsa mkulu ndi mng'ono ngati ife, mawu awiri osiyana, pamene Chingerezi chimangoti "brother" basi. Mtsikana akasiya kuitana mnyamata ndi dzina la makolo n'kuyamba dzina lake lenileni, kwa Mjapani nkhani yasintha kwambiri pamenepo, ndipo Mchewa angaimve msanga kuposa Mngerezi. Koma ife timailandira itadutsa kale m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi cha ku Brazil, mmene aliyense ndi "you" kapena "você", ulemu wonse utaphwanyidwa. Mitsinje iwiri yoti tiwoloke, pamene Chijapani ndi Chichewa zikanangopatsana moni pamsewu.

Nanga Chipwitikizi cha ku Brazilcho! Ndi chimene chimapezeka kwambiri pa anime, chifukwa owonera ambiri a chinenerochi ali kumeneko. Mwana wa mlongo wanga anandifunsa tsiku lina kuti "ônibus" n'chiyani, ndinamuuza kuti ndi machimbombo. "Café da manhã" ndi matabishu athu omwewa a m'mawa. Sindikudana nacho, timachimva, matelenovela anatizoloweretsa. Koma kwa mwana wa kumudzi amene Chipwitikizi chake ndi cha m'kalasi chokha, umenewo ndi mtsinje wachitatu. Ndipo timawuto sitidikira munthu. Malamulo a Netflix, mwachitsanzo, amalola mizere iwiri yokha, mzere uliwonse zilembo zosapitirira 42, ndipo ikangoonekera masekondi ochepa yapita. Mng'ono wanu asamadzione ngati wopepera. Liwiro limenelo analikonzera munthu amene anabadwira m'chinenerocho.

Tsono zimene zasinthazi sizinayambe dzulo. Crunchyroll, kampani yoonetsa anime pa intaneti, inayamba mu 2006. Mu Ogasiti 2021 kampani ya Sony inaigula pa ndalama zoposa madola 1 biliyoni a ku America, pamene inali kale ndi kampani ina ya anime, Funimation. Mu 2022 anaziphatikiza, ndipo chaka chomwecho kuonera kwaulere nkhani zatsopano zimene zikutuluka kumene ku Japan kunayamba kutsekedwa. Pa 2 Epulo 2024 Funimation inatsekedwa, ndipo anthu amene anali ndi makope awo a pa intaneti, amene anabwera ndi madisiki omwe anagula, anauzidwa kuti makopewo sasamukira ku nyumba yatsopano. Mu Julayi 2024 malo olembapo ndemanga pansi pa gawo lililonse anachotsedwa. Kenako pa 31 Disembala 2025 kuonera kwaulere kwa malonda odukiza kuja kunatha. Mukaziika pamzere chonchi mukuona nokha kumene msewu unkalowera: nyumba zinali ziwiri, yatsala imodzi, ndipo khomo la osalipira latsekedwa.

Kulipira pakokha sindikukutsutsa. Ojambula anime ku Japan amagwira ntchito yakalavulagaga, omasulira nawonso ali ndi ana ofuna kudya. Munthu amene amalima kachewere ngati inu a ku Tsangano akudziwa kuti thukuta la wina silidyedwa ulere. Chimene ndikukana ndi kulipira n'kulandira mawu osasamalidwa. Mu Julayi 2025 owonera anapeza m'malejenda a Chijeremani a anime ina mawu akuti "ChatGPT said", kutanthauza kuti "ChatGPT yanena kuti", atasiyidwa pakati pa zokambirana. Crunchyroll inati analakwitsa ndi ena amene inawapatsa ntchitoyo. Mu Okutobala chaka chomwecho kunabukanso madandaulo akuti malejenda akuchedwa, ndiponso kuti zolembedwa pa zikwangwani, pa makalata ndi pa mafoni a anthu a m'nkhani sizikumasuliridwanso pamalo pake monga kale. Kampani inayankha kuti anali mavuto a makina awo.

Ena amati izi ndi zazing'ono. Kwa ife si zazing'ono. Mu anime, mnyamata amatha kulandira uthenga pa foni, osatulutsa mawu alionse, nkhope n'kugwa. Ngati uthengawo sunamasuliridwe, gawo lonse lakudutsani. Kale omasulira ankaika tanthauzo pambali penipeni pa chikwangwani, anthu awiri akamalankhula nthawi imodzi wina pamwamba wina pansi, kuti diso lisasokonezeke. Zonse zikaunjikidwa pansi, wodziwa bwino Chingerezi amaphonyako pang'ono, koma mwana wowerenga chogwiragwira amatayika kotheratu. Ndiye ndinene mosabisa: ife kuno tikamalipira sitigula zithunzi, timagula mawu. Kampani iliyonse imene ikuchepetsa chisamaliro pa mawu yatichotsera chinthu chokhacho chimene tinabwerera. Ndipo makina sangachite zimene amalume ankachita. Google Translate inalandira Chichewa mu 2014, ndimaigwiritsa ntchito, imathandiza pa kalata ya ku ofesi. Koma siiona kuti mnyamata wawerama, siidziwa kuti apa pafunika "inu".

Pali chinanso chimene anzathu a kunja saganizira akamakangana za mitengo. Iwo amawerengera ndalama ya mwezi basi. Ife timalipira katatu: kampani ya makanema, mamega, ndi magetsi olipiriratu a Credelec kapena kotchajitsa foni. Mukukumbukira mu Meyi 2024 mitengo ya intaneti itakwera pa lamulo la INCM, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi intaneti, ophunzira n'kuguba ku Maputo mpaka lamulolo linaimitsidwa? Masabata amenewo kunyumba kwathu palibe anaonera kanthu, ngakhale akaunti inali yolipiridwa. Netflix yokha imanena kuti ola limodzi pa chithunzi chotsika limadya pafupifupi 0.3 GB, pa chithunzi chowala cha HD limafika 3 GB. Kusiyana kwa kakhumi. Pa foni ya m'manja chithunzi chotsikacho chimakwanira, ndipo malejenda amaoneka bwinobwino. Magetsi a ku Cahora Bassa amapangidwa m'chigawo chathu chomwechino, ochuluka n'kumapita ku South Africa, pamene midzi ina ya kufupi ndi kwanu anthu amatchajabe mafoni pa kasola. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, koma imalowa m'chiwerengero cha mwezi.

Za ogulitsa maakaunti

Ndikudziwa kuti wina wakuuzani kale kuti pali njira yachidule. Inenso ndinaitsatapo. Mnyamata wina pa gulu la pa foni ankagulitsa malo pa akaunti yake, mtengo wotsika, kulipira pa foni pomwepo. Ndinatumiza ndalama ya miyezi itatu. Zinayenda masiku asanu ndi anayi. Tsiku lakhumi mawu achinsinsi anali atasinthidwa, nambala yake sinkalowanso. Ana anali atasonkhana kale pamkeka Loweruka madzulo, nkhani ili pakati, ndipo ndinachita kuwauza kuti lero kulibe. Ndalama ija inandipweteka, koma nkhope za anawo zinandipweteka kuposa. Makampani nawonso akutseka mpata umenewu, Netflix inayamba kuletsa kubwerekana akaunti pakati pa makomo osiyana m'maiko ambiri mu 2023. Musaike ndalama yanu ya mbatata pa chinthu chimene mwini wake simukumudziwa kwawo.

Za masamba a pa intaneti oonetsa makanema akuba sindilankhula zambiri. Malejenda ake ena ndi a makina omwewo, ndipo foni ya mnansi wanga inadzaza tizilombo mpaka anachita kuifufuta yonse, zithunzi za ukwati n'kupita nazo.

Ndiye yankho langa ndi ili. Lipirani, koma mwezi umodzi umodzi, osati chaka, chifukwa nkhani zimabwera ndi kuchoka malinga ndi ziphaso za dera lililonse, ndipo zimene mukulipira ndi lendi, simukugula. Musanatulutse ndalama, tsegulani tsamba la nkhani imene mukufunayo muone mndandanda wa zinenero za malejenda ndi za mawu, ndipo onani pa foni yanu muli kuno, osadalira zimene wina wa ku Lisboa kapena ku São Paulo wanena. Funsaninso ku banki ngati khadi lanu limalola kulipira kunja. Anime zatsopano zimayamba mu Januwale, Epulo, Julayi ndi Okutobala, zambiri magawo 12 kapena 13 a mphindi pafupifupi 24. Mukadikira nyengo ithe, mwezi umodzi wolipira ukukwanirani kuonera zonse, malejenda ochedwa atafika kale. Ngati phukusi likulola kutsitsa, tsitsani mukapita kumene netiweki ili yamphamvu. Kwa mng'ono wanu, yambani ndi zimene zili ndi mawu olankhulidwa m'Chipwitikizi, khutu limathamanga kuposa diso. Mafilimu a Studio Ghibli, kampani yojambula anime ku Japan, ali pa Netflix kuyambira 2020 m'maiko ambiri kunja kwa America ndi Japan, ndipo ambiri amalankhula modekha, mwana amatha kutsatira.

Ine Loweruka lililonse ndimaika foni pa mpando, kuitsamiritsa ku chitini cha shuga, ana asanu ndi mmodzi pamkeka. Ndimaimitsa kanema mzere ukatalika, ndimanena m'Chichewa, n'kupitiriza. Gawo la mphindi 24 limatitengera pafupifupi ola. Amayi, amene poyamba ankati ndi zidole za ana, tsopano amakokera mpando pafupi, ndipo sabata yatha anandidzudzula kuti mtsikana uja sangayankhe agogo ake kuti "iwe", ndikonze. Anali olondola, ndinabwereza mzerewo. Wamng'ono kwambiri, wa zaka zisanu ndi zitatu, wayamba kunditsogolera pa mawu afupiafupi. Amalume anamwalira asanaone anime ngakhale imodzi.

Mundilembere dzina la nkhani imene mng'ono wanu amaikonda, ndi kalasi imene ali. Ndikaona kuno ngati ili ndi Chipwitikizi, musanawononge mamega anu.