Chotchingira ngalande za padenga: muyambe mwayang'ana mitengo

Achimwene, mwafunsa choti muike pa ngalande za padenga zomwe zikumatsekeka ndi masamba. Yambani mwayang'ana mitengo yomwe yazungulira nyumbayo. Ngati masamba ake ndi akuluakulu, sefa wamba ya mabowo otakasuka ikukwanirani. Koma ngati ndi paini, timasamba take tonga singano timalowa m'mabowo otere, choncho pezani sefa ya timabowo ting'onoting'ono, ya chitsulo chosachita dzimbiri, yokhala pa felemu ya aluminiyamu. Ndi yodula, inde, koma imakhalitsa. Ya pulasitiki imauma ndi dzuwa n'kuyamba kuthetheka.

Za siponji ndi burashi zolowetsa mkati mwa ngalandemo ine sindizikonda. Siponji imasunga fumbi ndi chinyezi, mpaka udzu kumera momwemo.

Poika, sefayo ipendekeke pang'ono kuti masamba azitsetsereka okha. Musanatseke, tsukani ngalandezo, muonenso ngati madzi akuthamangiradi ku paipi yotsitsira pansi. Makwerero musagulitse ayi, muzikwerabe kukayang'ana ngalandezo kamodzi pachaka mvula isanayambe, makamaka pomwe madenga awiri akumana.