Seva Ikakana Kuzima: Quota, Umount ndi Mayeso Otsimikizira

FUNSO: Akonzi, ine ndimasamalira makompyuta pa koleji ina muno mu Chipata. Tili ndi seva ya Linux imene ophunzira amasungiramo ntchito zawo, ndipo disiki yake ili pa XFS, mtundu wa file system (dongosolo losungira mafayilo pa disiki). Wophunzira aliyense tinamuikira quota, malire a malo amene angagwiritse ntchito, kuti asadzaze malo ndi mavidiyo. Mwezi wathawu magetsi atathima, UPS (batire losunga seva magetsi akathima) inayamba kulira, ndipo nditalamula seva kuti izime inangoima pa umount (lamulo lomasula disiki) mpaka batire linatha. Zimenezi zachitika kawiri. Mnzanga akuti tingoika kernel (mtima wa Linux) yatsopano vuto litha. Kodi ndingadziwe bwanji kuti lathadi, ndiponso kuti silidzabweranso tikadzasinthanso kernel m'tsogolo?
Wowerenga wa ku Kapata, Chipata

YANKHO: Zikomo bambo, ndipo pepani, chifukwa kuyang'ana batire likutha seva ili chiimire ndi chinthu chodetsa nkhawa kwa munthu amene wasunga ntchito za ophunzira. Mnzanuyo akhoza kukhala kuti akunena zoona, koma mwachita bwino kufuna umboni musanakhulupirire.

Choyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Umount ikayankha msanga kuti "target is busy", ndiye kuti pali pulogalamu imene yagwirabe fayilo pa disikiyo, ndipo fuser kapena lsof ikuonetsani mwiniwake. Zanuzi ndi zina. Lamulo silibwerera, silinena kanthu, ndipo mukaliyang'ana ndi ps (lamulo loonetsa ntchito zimene zikuyenda) mupeza chilembo D pambali pake, kutanthauza kuti lagona m'kati mwa kernel kudikira chinthu chimene sichikufika. Ngakhale kill -9 silingalidzutse. Zikadzachitikanso, musathamangire batani lozimitsira. Onani dmesg, lamulo loonetsa mauthenga a kernel, pakuti ma kernel ambiri amadandaula okha ntchito ikaima kupitirira masekondi 120, ndipo mukalemba chilembo w mu /proc/sysrq-trigger kernel isindikiza pamene ntchito iliyonse yakakamira. Jambulani zimenezo ndi foni ngati batire likuthamangitsani. Mukaona mayina oyamba ndi xfs_ail kapena xfs_qm, nkhani ikulowera kumene ndikufotokozaku.

Quota imalowapo motere. Kernel imasunga mu memory kaundula wa wogwiritsa ntchito aliyense, wotchedwa dquot, wonena za malo amene watenga, mafayilo amene ali nawo ndi malire ake. XFS imayamba yalemba kusintha kulikonse mu log (buku lake la zosintha), kenaka kapulogalamu ka m'kati kotchedwa xfsaild kamakankhira zolembedwazo pamalo ake enieni pa disiki, ndipo umount singathe mpaka mndandanda wa zoyembekezera kulembedwa utatha wonse. Panali vuto lodziwika limene linakonzedwa chakumapeto kwa 2017. Disiki ikakana kulemba dquot, loko amene anatsekedwa poyamba kulembako sankatsegulidwanso, motero xfsaild inkabwera, kupeza potseka, kubwerera, kubweranso, osaleka, uku umount ikudikira. Zili ngati wogulitsa m'golosale amene sangatseke sitolo asanalembe ngongole za tsikulo, koma buku la ngongole lakhomeredwa m'dirowa ndipo kiyi ali m'kati momwemo.

Pamenepa pali chimene sindikufuna kuti chikupiteni. Vuto la mtundu umenewu limaonekera disiki ikayamba kukana kulemba, choncho funsani disiki yanu ndi smartctl, pulogalamu yoona thanzi la disiki, ndipo ngati muli pa LVM ya thin (njira yogawa disiki imene imaonetsa malo ambiri kuposa amene alipodi) onani ngati malo enieni sanathe. Kernel yatsopano ingachititse umount kumaliza, koma singachiritse disiki yodwala. Koperani ntchito za ophunzira kwina sabata ino.

Tsopano pa funso lanu lenileni. Chimene mukufunacho akatswiri amachitcha regression test, kutanthauza mayeso amene amadzutsa dala vuto lakale kuti tione ngati labweranso. Simufunika kuyamba pa chabe. Pali mtolo wa mayeso wotchedwa xfstests, umene unachokera ku kampani ya Silicon Graphics imene inapanga XFS, ndipo lero umayesanso ext4, Btrfs ndi ma file system ena. Mumaupatsa madisiki awiri mu fayilo ya local.config, TEST_DEV ndi SCRATCH_DEV. Chonde mvetsani bwino: SCRATCH_DEV imafufutidwa ndi kukonzedwanso mobwerezabwereza, ndiye musayerekeze kulozako disiki ya ophunzira. Chitani zonsezi mu virtual machine (kompyuta yoyerekezera yoyenda m'kati mwa kompyuta ina), kaya ya KVM kaya ya VirtualBox, ngakhale pa laputopu. Mukalemba ./check -g quota, mayeso onse okhudza quota ayenda, ndipo zimene aliyense watulutsa zimayerekezedwa ndi fayilo yake ya .out, imene ili ndi yankho loyenera.

Mmene mayeso a vuto lanuli amagwirira ntchito ndi chinthu chosangalatsa kuchimvetsa. Sitingadikire kuti disiki iwonongeke yokha pa nthawi imene tikufuna, choncho timaika disiki yonamizira pamwamba pa yeniyeni pogwiritsa ntchito device mapper, makamaka dm-flakey kapena dm-error, imene tingailamule kuti iyambe kukana kulemba. Mayeso amakonza XFS yatsopano, amailumikiza (mount) ndi usrquota kuti quota iyambe kugwira ntchito, amaika malire ndi xfs_quota, amalemba mafayilo m'dzina la wogwiritsa ntchito wamba kuti dquot isinthe, kenaka amachititsa kuti malo amene dquot imakhala akane kulembedwa, n'kuitana umount. Kernel yabwino imavomereza kuti kulemba kwalephera, imanena zimenezo mu dmesg, ndipo umount imabwerera.

Chachikulu pa zonse ndi dongosolo la kayesedwe. Yambani ndi kernel yakale, yomwe ija ili pa seva yanu, ndipo muone ndi maso anu umount ikukakamira mu virtual machine. Mukatero ikani kernel yatsopano ndi kuyendetsa mayeso omwewo popanda kusinthapo kanthu. Ambiri amalumpha gawo loyambali, amayesa kernel yatsopano yokha, naona kuti zadutsa, nakondwera, chonsecho mwina mayesowo sakufika n'komwe pamene pali vuto. Ngati kernel yakale ikudutsanso bwinobwino, ndiye kuti chimene chikuvutitsa seva yanu ndi china, ndipo mubwerere ku chithunzi cha dmesg chija.

Dziwaninso kuti mayeso a kukakamira salephera ngati ena, amangokhala chete. Lamulo la timeout silingaphe ntchito imene ili pa D, motero wowerenga nthawi akhale kunja kwa virtual machine: ikapita mphindi zisanu umount isanabwerere, lembani kuti zalephera, sungani dmesg, muyatsenso makinawo. Ndipo popeza mavuto a maloko nthawi zina amadalira kuti ndani wafika poyamba, kuyesa kamodzi sikokwanira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye gwiritsani ntchito -i pa check kuti mayeso abwerezedwe kambirimbiri, muwasiye ayende usiku umene magetsi alipo. Sungani virtual machine imeneyi, ndipo kernel iliyonse yatsopano iziyamba yadutsa mmenemo isanafike pa seva ya koleji.

FUNSO: Ine umount ikavuta ndimangolemba umount -l, ndipo nthawi zambiri imabwerera pompo. Kodi imeneyi si njira yachidule?
Wowerenga wa ku Katete

YANKHO: Ayi mayi, pa vuto ili sithandiza. Chilembo l chimangochotsa disiki pamndandanda wa mafoda ooneka, koma ntchito yotseka file system imatsalabe kudikira kuti onse amene aigwira aisiye. Pa "target is busy" ingakupatseni mpata, ngakhale ndi bwino kutseka kaye pulogalamu imene yagwira fayilo. Koma ngati dquot yakakamira m'kati mwa kernel, kutseka kwenikweniko kukafika kudzaima pamalo omwe aja, ndipo mukazula disiki mukuganiza kuti yamasuka, XFS idzafunika kubwereza log yake pa mount yotsatira.