Za filimu ya chuma chobisika pansi pa mkango

Mwafunsa dzina la filimu yakale ya Chirasha imene munaonera muli aang'ono, momwe anthu ankathamangitsana posaka chuma chokwiriridwa pansi pa mkango, ndiponso ngati mkangowo unali weniweni. Malinga ndi mmene mwalongosolera, filimuyo ndi Neveroyatnye priklyucheniya italyantsev v Rossii, kutanthauza zodabwitsa zimene anthu a ku Italy anakumana nazo ku Russia. Inatuluka mu 1974, ndipo anaitsogolera ndi Eldar Ryazanov mothandizana ndi Franco Prosperi, pa mgwirizano wa Mosfilm, kampani yopanga mafilimu ya ku Russia, ndi kampani ya ku Italy ya Dino De Laurentiis.

Nkhani imayambira m'chipatala ku Rome, kumene gogo wina wamkazi wochokera ku Russia, ali pafupi kutsirizika, amauza mdzukulu wake Olga kuti anabisa chuma ku Leningrad, pansi pa mkango. Tsoka ilo, pafupi pali makutu ambiri: onyamula odwala awiri, dokotala, wodwala wina wotsimphina ndi mkulu wa mafia, ndipo onsewo amathamangira ku Russia, aliyense ali ndi lake mumtima.

Kukoma kwa filimuyi, m'kuona kwanga, kuli pa mawu a gogoyo. Mzinda wa Leningrad, umene lero ndi Saint Petersburg, ndi wodzaza ndi ziboliboli za mikango, zina pamakomo a nyumba zachifumu, zina m'mbali mwa mtsinje wa Neva, moti alendowo amakumba pansi pa mkango uwu ndi uwo osapeza kanthu. Amene sanaionere andikhululukire pouulula: chumacho chinali pansi pa khola la mkango wamoyo kumalo osungirako nyama, ndipo atachitenga, chilombocho chimawalondola m'misewu. Wowayendetsa mumzindamo, gawo limene anasewera Andrei Mironov, amaoneka ngati woperekeza alendo wofatsa, pamene kwenikweni ndi wapolisi. Mironov anachita yekha zambiri zoopsa, kuphatikizapo kulendewera pa mlatho umene ukutukulidwa kuti sitima yapamadzi idutse.

Mkangowo unalidi weniweni. Dzina lake unali King, ndipo unakulira m'nyumba ya banja la Berberov mumzinda wa Baku, osati kutchire. Sunafike poona filimuyo ikutuluka, chifukwa mu 1973 wapolisi wina anauwombera ku Moscow utagwira mnyamata. Ndege yonyamula anthu imene m'filimuyi imatera pamsewu wa magalimoto nayonso inali yeniyeni, ngakhale kuti msewuwo linali bwalo la ndege la ku Ulyanovsk limene analikonza kuti lioneke ngati msewu.

Mukamaifufuza pa intaneti, yang'anani pa tchanelo cha Mosfilm pa YouTube, ndipo musasokonezeke mukaipeza ndi dzina lina, pakuti ku Italy inatuluka ndi mutu wakuti Una matta, matta, matta corsa in Russia.