Njinga ndinaisiya kalekale, vinyo sindimwa: ndipite ku Riesling Trail?

Achemwali ena amene akuphunzira ku Adelaide, m'dziko la Australia, andilembera imelo. Akuti anzawo a m'kalasi awaitana kuti akapalase njinga pa njira yotchedwa Riesling Trail, ku Clare Valley, chigwa chotchuka ndi minda ya mphesa ndi vinyo, koma akukayika pa zifukwa ziwiri. Njinga anaisiya ali kusekondale, komanso vinyo samwa. Ndiye akufunsa ngati kuli koyenera kupita.

Pitani, achemwali. Nkhani ya miyendoyo isakudetseni nkhawa, chifukwa njirayi kale inali njanji. Sitima yochokera ku Riverton inkadutsa pamenepo, ndipo njanjiyo inafika ku Clare mu 1918. Moto wolusa wa mu Febuluwale 1983, umene kumeneko amautcha Ash Wednesday, unaiwononga, sitima n'kusiya kuyenda. Patapita nthawi anazula zitsulo, n'kuthira timiyala totsendereka bwino, ndipo mu 1994 anatsegula gawo lake loyamba kuti likhale la apanjinga ndi oyenda pansi. Popeza sitima siitha kukwera chitunda chachikulu, omanga njanji anadula mapiri ndi kukwirira zigwa. Ndiye mtunda umene mungakwere ndi wapang'onopang'ono, ndipo magalimoto mumangokumana nawo podutsa misewu basi.

Chimene chimapweteketsa anthu ndi kusaganiza za pobwerera. Kuchokera ku Clare kufika ku Auburn ndi makilomita pafupifupi 25, ndipo malo okwera kwambiri ali cha ku Penwortham. Mukayambira ku Clare mumakwera pang'ono kudutsa Sevenhill mpaka Penwortham, kenako njinga imangotsetsereka yokha kudutsa Watervale ndi Leasingham mpaka ku Auburn. Pamenepo aliyense amadziona katswiri. Koma ngati galimoto munaisiya ku Clare, kutsetsereka konseko mudzakulipira masana, dzuwa lili paliwombo, nkhomaliro ili m'mimba, ndipo ulendo wonse udzakwana makilomita 50. Kwa munthu amene wangoyambiranso kupalasa, ine ndimati sankhani chimodzi: mutembenukire pa Penwortham, kapena muyambire ku Auburn m'mamawa kuti chitunda muthane nacho muli ndi mphamvu. Auzeni anzanuwo zimenezi musananyamuke, chifukwa gulu likakondwa silimva za kubwerera.

Za vinyo, palibe amene angakukakamizeni. Malo olawirako vinyo ambiri ali ndi madzi, ena amagulitsanso khofi ndi chakudya, ndipo munthu woyendetsa galimoto amene sakumwa amamuona tsiku lililonse. Kunena zoona, gulu lokhala ndi mmodzi wosamwa limayenda bwino, pakuti m'chigawo cha South Australia, mmene muli Clare Valley, kupalasa njinga utaledzera ndi mlandu.

Malo amene sindikufuna muwaphonye ndi Sevenhill. Ansembe a chipani cha Ajezuiti ochokera ku Austria anakhazikika pamenepo mu 1851 n'kubzala mphesa zopangira vinyo wa pa Misa, ndipo mpaka lero vinyo wa pa Misa amapangidwabe pamenepo. Pali tchalitchi cha miyala cha St Aloysius, ndipo pansi pake pali manda a ansembe. Mungathe kukhalapo ola lathunthu osagwira tambula. Ku Auburn nako, siteshoni yakale ya sitima idakalipo, ndipo muli malo olawirako vinyo a Mount Horrocks. Dzina la njirayi linachokera ku riesling, mtundu wa mphesa zoyera umene umachita bwino m'chigwachi chifukwa usiku kumazizira ngakhale masana kutenthe.

Kutenthako ndiye kumandidetsa nkhawa. Disembala mpaka Febuluwale kumeneko ndi nthawi ya dzuwa lopanda mvula, ngati Okutobala wa ku Nsanje, ndipo masiku ena kumapitirira madigiri 40. Tsiku lotero musapite, ngakhale anzanu aumirire. Miyezi yabwino ndi Epulo ndi Meyi, atangokolola mphesa, masamba akusanduka achikasu, kapena Seputembala ndi Okutobala, kukali kobiriwira. Kungoti m'miyezi iwiri yomalizayi mbalame zotchedwa magpie zimakhala ndi ana m'zisa, ndipo zina zimawulukira apanjinga kumutu. Zikatero tsikani, muyende pansi mpaka mutapitirira mtengowo. Njoka nazo zimatuluka kukatentha. Mukaiona imani patali, ipite yokha, musaiponye miyala.

Helemeti ndi lamulo ku Australia, ndipo obwereketsa njinga ku Clare ndi ku Auburn amapereka pamodzi ndi njingayo. Ngati mukukayikabe za mphamvu zanu, funsani njinga yamagetsi. Muwauze akusinthireni chishalo kuti chigwirizane ndi msinkhu wanu, apo ayi mawondo adzalira musanafike patali. Tengani madzi ambiri kuposa amene mukuganiza kuti mumwa. Njirayo payokha salipiritsa, koma sitima yopita ku Clare kulibe, ndiye pafunika galimoto, ulendo wa maola awiri kuchokera ku Adelaide. Ngati mukupita Loweruka kapena Lamlungu, imbiranitu foni kuti akusungireni njinga.