Chipangizo choyezera chinyontho mu mpweya chikamasinthasintha manambala

Bambo wina wa ku Zomba, amene amasamalira kompuresa ndi makina owumitsa mpweya pamalo opangira oksijeni, watilembera imelo. Akuti chipangizo chawo cha m'manja choyezera dew point chimayambira pa -12°C n'kumatsika pang'onopang'ono osakhazikika, ndipo kukacha chimawerenganso zina. Akufunsa ngati chafa, kapena ngati vuto lili pa makina owumitsawo.

Bambo, musachitaye. Kawirikawiri wolakwa amakhala paipi imene mwalumikiza, komanso changu.

Dew point ndi mlingo wa kuzizira umene madzi a mu mpweya amayamba kugwa ngati mame. Nambala ikatsika kwambiri, ndiye kuti mpweya ndi wouma. Pa -46°C madzi amakhala pafupifupi 67 ppm basi (magawo 67 pa magawo miliyoni imodzi a mpweya), ndiye kachinyontho kochepa kochokera kwina kamasokoneza muyeso wonse.

Paipi ya rabara, ya PVC kapena ya nayiloni imamwa madzi n'kumawabweza pang'onopang'ono mu mpweya umene mukuyeza. Ku Zomba kuno, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ngakhalenso masiku a chiperoni, paipi yogona pabenchi usiku umodzi imakhala yanyowa kale mkati, ngakhale ikuoneka youma. Gulani ya stainless steel (chitsulo chosachita dzimbiri), ikasowa ya PTFE (pulasitiki yotchedwanso Teflon), ndipo ikhale yaifupi. Mukamaliza ntchito, tsekani kukamwa kwake mbali zonse ziwiri.

Mpweya muziutenga pamwamba pa paipi yaikulu, chifukwa pansi ndi pamene pamadikha madzi ndi mafuta. Musanalumikize, tsegulani valavu kwa mphindi imodzi, mpweyawo uziwomba pa kansalu koyera. Kakanyowa kapena kuda ndi mafuta, lekezani pomwepo. Madzi amachedwetsa sensa (kachida ka m'chipangizo kamene kamamva chinyontho) kwa maola ambiri, koma mafuta amaiphimba n'kuiwonongeratu. Ikaninso kasefa patsogolo pa chipangizocho.

Mpweya uzidutsa pa mlingo umene buku la chipangizo lanena. Zambiri zimafuna lita 1 mpaka 5 pa mphindi. Kotulukira mpweya lumikizani kapaipi kopota kotalika mita imodzi, kuti chinyontho cha m'chipinda chisalowe chobwerera. Pali kanjira kamene timakakhulupirira kwambiri: nambala ikakhala ngati yakhazikika, onjezerani mpweya pang'ono. Ikatsikanso, pena pake pakudontha kapena paipi idakali yonyowa. Ambiri sakhulupirira izi, koma chinyontho chimalowa pa nati yosamanga bwino ngakhale mpweya ukutuluka pomwepo.

Kuchedwa kumene mukudandaulako ndi chikhalidwe cha sensa. Imamwa madzi msanga koma imachedwa kuuma, moti ikakhala pamtetete ingafune theka la ola kapena kuposa. N'chifukwa chake zipangizo zambiri zili ndi kachipinda ka mankhwala owumitsa kosungiramo sensa. Sensayo muziitulutsamo pamene mpweya wayamba kale kudutsa, ndipo muziibwezera musanatseke valavu. Lembani nambala ikakhala yosasuntha kwa mphindi 10.

Kusiyana kwa tsiku ndi tsiku kumabweranso ndi presha. Mpweya umene dew point yake ili pa +3°C pa presha ya 7 bar umawerenga pafupifupi -21°C ukamasulidwa. Mukatsegula valavu yolowera yonse n'kuchepetsa mpweya kotulukira, mukuyeza pa presha ya makina. Mukachepetsa kolowera, mukuyeza pa presha ya panja. Sankhani njira imodzi, muzilemba presha pambali pa nambala iliyonse. Makina owumitsa mpweya poziziritsa ngati firiji amafika cha pa +3°C, a mankhwala owumitsa cha pa -40°C, zonsezi pa presha ya ntchito. Mukamawerengera ppm, kumbukirani kuti Zomba ili pamtunda wa mamita pafupifupi 900, presha ya panja ndi yotsika kuposa ya kunyanja yamchere, ndiye muiike yoyenera m'chipangizo.

Mukamayeza oksijeni weniweni, onetsetsani kuti chipangizo n'chovomerezeka pa ntchitoyo, manja ndi manati zikhale zopanda girizi, ndipo mpweya wotuluka uzipita panja, kutali ndi moto. Sensa imasochera pang'onopang'ono, choncho onani tsiku lolembedwa pa satifiketi yake. Ngati padutsa miyezi 12, itumizeni akaiyesenso musanayambe kumasula makina owumitsa.